Kulumikiza TRS-80 Model 100 ndi printa yamakono: zizindikiro za mavuto ndi njira zowathetsera

TRS-80 Model 100, imene inapangidwa ndi kampani ya Kyocera ya ku Japan ndipo Tandy inayamba kuigulitsa m'masitolo a Radio Shack mu 1983, ndi kompyuta yonyamula m'manja imene anthu ena amalemberabe mpaka lero, chifukwa kiyibodi yake ndi yabwino ndipo mabatire anayi a AA amaiyendetsa kwa maola pafupifupi 20. Vuto limene limabwera mobwerezabwereza kwa amene ali nayo ndi la kusindikiza zimene alemba. Kawirikawiri munthu amaganiza kuti kompyutayo kapena printayo yawonongeka, pamene zonse ziwiri zili bwinobwino ndipo chimene chasoweka ndi kumvana chabe. Model 100 ilibe madalaivala ndipo siijambula tsamba ngati mmene kompyuta zamasiku ano zimachitira. Iyo imangotumiza zilembo wamba (za ASCII, ndondomeko imene imapatsa chilembo chilichonse nambala yake) chimodzichimodzi, n'kuyembekezera kuti printa ikudziwa chochita nazo. Zambiri zimene zalembedwa pano zimagwiranso ntchito pa Tandy 102 ndi Tandy 200.

## Musanayambe kufufuza

- Sungani mafayilo anu kwina poyamba. Zolemba zonse za mu Model 100 zimakhala mu RAM, memori imene imasunga zinthu pokhapokha ikulandira magetsi, ndipo mukathimitsa switchi ya MEMORY POWER imene ili kunsi kwa kompyuta, kapena mukadina RESET mutagwira CTRL ndi BREAK, zonse zimafufutika.
- Zimitsani kompyuta ndi printa nthawi iliyonse imene mukulowetsa kapena kuzula chingwe.
- Ikani mabatire atsopano. Adaputala ya Model 100 imatulutsa 6V ndipo pakati pa pulagi yake ndi pa negetivi, zimene zikusiyana ndi maadaputala ambiri a masiku ano. Adaputala yochokera ku America inapangidwira magetsi a 120V, choncho imapsa ikalowetsedwa pa magetsi a 230V ngati a ku Malawi, ku Zambia kapena ku Britain.
- Onetsetsani kuti printa ikutha kusindikiza tsamba lake loyesera isanalumikizidwe ku china chilichonse. Ngati ikulephera payokha, vuto silili pa kompyuta.

Njira yachidule yoyesera ndi kulowa mu BASIC, pulogalamu ya mu Model 100 yolembera malamulo, ndi kulemba lamulo ili:

LPRINT "MONI";CHR$(12);

Zimene zichitike mukadina ENTER ndi zimene zikuuzeni gawo loyenera kuwerenga m'munsimu.

## Chizindikiro 1: Printa ili ndi USB yokha, kapena chingwe sichikugwirizana

Choyambitsa chofala kwambiri: mwagula chingwe cha USB ndi parallel (njira yakale yotumizira zilembo ku printa pa mawaya angapo nthawi imodzi) chimene chimagwira ntchito mbali imodzi yokha. Zingwe zotere zinapangidwa kuti kompyuta yatsopano yokhala ndi USB isindikize pa printa yakale. Sizingatembenuzidwe. Pa USB pamafunika mbali imodzi yolamulira, ndipo Model 100, imene inatuluka zaka 13 USB isanakhazikitsidwe mu 1996, singalamulire printa ya USB ngakhale mutapeza timapulagi tosinthira tokwanira bwino mbali zonse. Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama pachabe. Njira zenizeni ndi izi:

- Pezani printa imene ikadali ndi port ya parallel. Epson LX-350 ndi LQ-350 zili ndi parallel, serial ndi USB, ndipo maprinta akale a HP monga LaserJet 4, LaserJet 4000 ndi LaserJet 4250 amalandira zilembo wamba popanda vuto.
- Gwiritsani ntchito chipangizo chimene chimadzionetsa ngati printa ya parallel, n'kulandira zilembozo, n'kuzisandutsa tsamba la PDF kapena kuzitumiza ku printa ya USB. Retro-Printer, imene imamangidwa pa Raspberry Pi, ndi chitsanzo chimodzi.
- Samutsirani fayiloyo ku kompyuta yamakono kudzera pa serial (port ina ya Model 100, yolembedwa RS-232C) ndipo musindikize kuchokera kumeneko, monga tafotokozera pa chizindikiro 7. Kwa munthu amene akungofuna kuti nkhani yake ifike papepala, njira imeneyi ndi yotsika mtengo ndiponso yodalirika kuposa zonse.

Choyambitsa chachiwiri: mwalowetsa chingwe cha printa pa port ya RS-232C. Kumbuyo kwa Model 100 kuli port ya mabowo 25 imene imaoneka chimodzimodzi ndi port ya printa ya pa makompyuta a IBM PC, moti chingwe cha printa cha PC chimalowa bwinobwino. Koma imeneyi ndi port ya serial, ndipo imatulutsa magetsi a negetivi amene mbali ya parallel ya printa sinapangidwe kuti iwalandire. Zulani chingwecho msanga. Port ya printa ndi ija yolembedwa PRINTER, ya mapini 26 oima m'mizere iwiri.

Choyambitsa chachitatu: printa ili ndi cholumikizira chaching'ono. Maprinta ena, monga HP LaserJet 1100, ali ndi cholumikizira cha IEEE 1284-C, chimene chili ndi mapini 36 ngati cha Centronics (chija chachikulu cha maprinta akale, chotchedwanso mtundu B) koma ndi chochepa thupi. Pamafunika adaputala yosinthira kuchoka pa mtundu B kupita pa mtundu C.

## Chizindikiro 2: Kompyuta imangoima osayankha mukailamula kusindikiza

Model 100 siitumiza chilembo chilichonse mpaka printa itaonetsa kuti yakonzeka, ndipo imatha kudikira choncho mpaka kalekale popanda kunena kanthu pa sikirini. Musadine RESET mopupuluma. Gwirani SHIFT ndi kudina BREAK, ndipo kompyuta idzasiya kudikira. Mukatero fufuzani zotsatirazi motsatana.

1. Printa sinakonzeke. Onani ngati nyale ya Ready kapena On Line yayaka, ngati muli mapepala, ngati chivundikiro chatsekedwa bwino, ndiponso ngati batani la Pause silinadinidwe. Printa ya laser imene yagona posunga magetsi idzutseni poyamba podina batani lake.
2. Chingwe chalowa mozondoka kapena chaphonya mzere. Pa zingwe zopangidwa pamanja, pulagi ya mapini 26 imatha kulowa chadodolido kapena kusuntha ndi pini imodzi. Waya wokhala ndi mzere wofiira m'mbali mwa chingwe ndi amene ayenera kufika pa pini 1. Yang'ananinso ngati palibe pini yopindika.
3. Chingwe chake si cha Model 100. Pali tizingwe ta mapini 26 timene tinkachoka pa bolodi ya PC kupita ku pulagi ya mapini 25, ndipo anthu amatigula poona kuti tikulowa. Kalumikizidwe ka mawaya ake n'kosiyana. Pa Model 100 mawaya onyamula zilembo amasinthana ndi mawaya a ground, ndipo pa kachingwe ka PC mmodzi mwa mawaya a ground amenewa angathe kugwera pa pini 16 ya pulagi ya mapini 25, imene imalamula printa kuyambiranso. Zikatero printa imakhala ngati yakomoka nthawi yonse imene chingwecho chili cholumikizidwa. Chizindikiro chake ndi chakuti printa imadzuka mukangozula chingwe. Chofunika ndi chingwe chochoka pa mapini 26 kupita mwachindunji pa pulagi ya Centronics ya mapini 36.
4. Printa ikumvetsera port ina. Pa maprinta a Epson okhala ndi ma port angapo, sankhani Parallel pa I/F mode m'malo mwa Auto, ndipo zulani chingwe cha USB pamene mukuyesa.
5. Printa ikufuna kukambirana mbali zonse ziwiri. Muyezo wa IEEE 1284 wa mu 1994 unabweretsa njira zothamanga monga ECP ndi EPP, zimene Model 100 siizidziwa. Pa Epson thimitsani Parallel I/F bidirectional mode ndi Packet mode. Pa HP LaserJet, mu menyu ya I/O, ikani NO pa Parallel High Speed ndi OFF pa Advanced Functions.
6. Port ya kompyuta yawonongeka. Zimenezi sizichitika kawirikawiri, choncho muziganizire pokhapokha mutayesa chingwe china chodziwika kuti n'chabwino ndi printa ina.

## Chizindikiro 3: Kompyuta yamaliza kutumiza, nyale ikuphethira, koma pepala silikutuluka

Choyambitsa chofala: tsamba silinatsekedwe. Printa ya singano (dot matrix, yomenya riboni ndi timasingano) imalemba mzere uliwonse ukangofika, koma ya laser imasonkhanitsa tsamba lonse mu memori ndipo imadikira kuti lidzaze kapena kuti ilamulidwe kulitulutsa. Model 100 siitumiza lamulo limeneli yokha ikamaliza kusindikiza fayilo. Dinani batani la Form Feed, Go kapena Resume pa printa, apo ayi lembani mu BASIC:

LPRINT CHR$(12);

Choyambitsa chachiwiri: printayo siidziwa kuwerenga zilembo wamba. Maprinta ambiri otsika mtengo, a laser ndi a inki omwe, alibe zilembo zawozawo mkati. Amadalira dalaivala ya Windows kapena macOS kuti ijambule tsamba lonse n'kuwatumizira chithunzi chake. Pa mapepala ofotokoza za printa amalembedwa kuti GDI kapena host-based, ndipo ena mwa iwo ali ndi port ya parallel, zimene zimasocheretsa wogula. Printa yotere imalandira zilembo za Model 100 n'kuzitaya mwakachetechete. Palibe lamulo kapena chingwe chimene chingakonze zimenezi. Musanagule printa, onani ngati palembedwa PCL 5, ESC/P, Epson FX kapena IBM Proprinter, amene ndi mayina a zinenero za maprinta zolandira zilembo wamba. Ngati palembedwa PCL 6 yokha, tsimikizani kuti PCL 5 ilimonso, chifukwa mbali yatsopano ya PCL 6 payokha siilandira zilembo wamba.

Choyambitsa chachitatu: printa yaikidwa pa PostScript, chinenero china cha maprinta. Ikakhala choncho imayesa kuwerenga nkhani yanu ngati pulogalamu, ndipo imakhala chete kapena imatulutsa tsamba lonena kuti pali cholakwika. Mu menyu ya Personality kapena Emulation sankhani PCL m'malo mwa Auto kapena PS.

## Chizindikiro 4: Mizere yonse ikugwera pamzere umodzi wakuda bii

Ili ndi vuto lodziwika kwambiri la Model 100, ndipo limaopsa munthu woliona koyamba ngakhale kuti ndi losavuta. Kuti printa iyambe mzere watsopano pamafunika malamulo awiri: CR, nambala 13, imene imabwezera mutu wa printa kumanzere, ndi LF, nambala 10, imene imakweza pepala ndi mzere umodzi. Maprinta a Tandy a nthawi imeneyo ankakweza pepala okha akalandira CR, choncho Model 100 inapangidwa kuti izitumiza CR yokha. Printa ya kampani ina ikalandira CR yokha imabwerera kumanzere n'kulemba pamwamba pa zimene inalemba kale, moti nkhani yamasamba atatu imasanduka mzere umodzi wa inki. Pa printa ya singano imitsani kusindikizako msanga, chifukwa masingano akamenya malo amodzi kwa nthawi yaitali amaboola pepala ndi kuwononga riboni.

- Pa Epson ndi maprinta ena a singano, yatsani Auto line feed. Pa akale zimachitika ndi timaswitchi ta DIP, ndipo printa iyenera kuzimitsidwa n'kuyatsidwanso kuti kusinthako kugwire. Pa atsopano zili mu menyu ya Default Setting.
- Pa printa ya PCL, tumizani lamulo ili musanasindikize: LPRINT CHR$(27);"&k1G"; ndipo samalani kuti k akhale wamng'ono ndipo G akhale wamkulu. Lamuloli limauza printa kuti CR iliyonse iziitenga ngati CR ndi LF. Limaiwalika printa ikazimitsidwa, ndipo maprinta ena amaliiwalanso pakadutsa kanthawi osalandira kanthu, choncho litumizeni nthawi yomweyo imene mukufuna kusindikiza.
- Musasokonezeke ndi Append CR to LF imene ili mu menyu ya maprinta a HP. Imeneyo imathetsa vuto lina losiyana, lija mizere imatsika ngati masitepe kulowera kumanja chifukwa pakubwera LF yokha.

Ngati printa ilibe njira iliyonse mwa zimenezi, kapulogalamu aka kamawerenga fayilo n'kuwonjezera LF pa mzere uliwonse:

10 OPEN "RAM:NKHANI.DO" FOR INPUT AS 1
20 IF EOF(1) THEN 50
30 LINE INPUT #1,A$:LPRINT A$;CHR$(10)
40 GOTO 20
50 LPRINT CHR$(12);:CLOSE

Kapulogalamuka sikapinda mizere m'malire a mawu monga mmene TEXT, pulogalamu yolembera ya mu Model 100, imachitira, choncho kamathandiza kwambiri pa mindandanda ndi zolemba za mizere yaifupi kusiyana ndi ndime zazitali.

Ngati m'malo mwake pakutsala mzere wopanda kanthu pakati pa mizere iliyonse, ndiye kuti LF ikuwonjezedwa kawiri. Siyani njira imodzi yokha ikugwira ntchito.

## Chizindikiro 5: Zilembo zikutuluka zosamveka, zolakwika kapena zodumphadumpha

1. Waya mmodzi wa zilembo sakugunda. Chilembo chilichonse chimayenda pa mawaya 8 nthawi imodzi, ndipo mmodzi akaduka zolakwikazo zimatsata dongosolo. Sindikizani ABCDEFGH. Ngati patuluka @BBDDFFH kapena ACCEEGGI, vuto lili pa waya woyamba kapena pa pini yake. Pukutani mapini ndi spirit wa isopropyl ndipo muyese chingwe ndi mita yoyezera magetsi.
2. Chingwe n'chachitali kwambiri kapena chadutsa pa bokosi losinthira maprinta. Yesani ndi chingwe chosapitirira mamita 2, cholumikizidwa mwachindunji.
3. Malamulo a printa ina ali mu pulogalamu. Mapulogalamu akale amatumiza malamulo a maprinta a Tandy DMP kapena a Epson olembera zilembo zonenepa ndi zodulidwa mzere kunsi. Printa ya PCL siiwamva ndipo imasindikiza zidutswa zake ngati zinyalala. Sinthani Emulation kuti igwirizane ndi pulogalamuyo, kapena chotsani malamulowo.
4. Zilembo zapadera n'zosiyana. Zilembo zochokera pa makiyi a GRPH ndi CODE zili pa manambala 128 mpaka 255, ndipo kandandalikidwe kake pa Model 100 sikafanana ndi ka IBM PC kapena ka HP. Izi si kuwonongeka. Wolemba Chichewa adziwenso kuti chilembo cha ŵ mulibe mu Model 100, ndiye ndi bwino kulemba w wamba n'kudzakonza fayiloyo itafika pa kompyuta yamakono.
5. Mabatire afooka. Nyale ya LOW BATTERY ikayaka, siyani kusindikiza ndipo musinthe mabatire.

Chida chothandiza kwambiri pa zonsezi ndi hex dump, imene imachititsa printa kusindikiza manambala a zimene yalandira m'malo mozimasulira. Pa maprinta a Epson a mtundu wa LX-300+ imayamba mukayatsa printa mutagwira mabatani a LF/FF ndi Load/Eject pamodzi. Manambalawa amalembedwa mosiyana ndi a masiku onse: mukaona 0D ndiye CR, 0A ndi LF, 0C ndi lamulo lotulutsa tsamba, ndipo 1B ndi chiyambi cha lamulo lapadera. Tsamba limodzi la manambala amenewa limathetsa mkangano wonse wa ngati vuto lili pa kompyuta, pa chingwe kapena pa printa.

## Chizindikiro 6: Mawu akudulidwa kumanja, kapena masamba akuthera pakati

Mukadina SHIFT ndi PRINT mu TEXT, kompyuta imafunsa Width, kutanthauza chiwerengero cha zilembo pa mzere. Ambiri amaika 80, koma pepala la A4 ndi lopapatiza pang'ono kuposa la Letter la ku America, ndipo pa printa ya PCL zilembo ziwiri kapena zitatu zakumapeto zimatayika chifukwa PCL siipinda mzere yokha. Ikani 70 kapena 75, kapena yatsani Wide A4 ngati printa ili nayo. Lamulo la LPRINT CHR$(27);"&s0C"; limachititsa kuti zotsala zipite pa mzere wotsatira.

Printa ikalemba kuti PC LOAD LETTER, ikufuna pepala la Letter pamene mu thireyi muli A4. Sinthani kukula kwa pepala mu menyu kapena tumizani LPRINT CHR$(27);"&l26A"; pozindikira kuti chilembo chotsatira & ndi L wamng'ono, osati nambala 1. Pulogalamu imene inalembedwera masamba a mizere 66 idzasokoneza malire a masamba pa laser, popeza PCL imaika mizere 60 pa Letter ndi 64 pa A4 ngati simunasinthe kanthu.

## Chizindikiro 7: Kusamutsa fayilo pa serial kukulephera

Pamafunika adaputala ya USB ndi serial ku kompyuta yamakono, chingwe cha null modem, ndi pulogalamu yolandirira monga Tera Term kapena minicom. Tsegulani fayilo mu TEXT, dinani F3, ndipo lembani COM:88N1E. Nambala 8 yoyamba ikuimira liwiro la 9600, yachiwiri ikuimira ma bit 8, N ndi kupanda parity, 1 ndi stop bit imodzi, ndipo E imayatsa XON/XOFF, njira imene mbali yolandira imauzira yotumiza kuti iime kaye kapena ipitirize.

- Palibe chimene chikufika. Nthawi zambiri chingwe chimakhala chowongoka m'malo mwa null modem, chimene chimapingasa waya wotumiza ndi wolandira. Kenaka onani ngati mwasankha port yoyenera pa kompyuta yamakono.
- Pakufika zinyalala. Liwiro silikufanana mbali ziwirizi. Nambala 5 ndi 1200, 6 ndi 2400, 7 ndi 4800, 8 ndi 9600, ndipo 9 ndi 19200.
- Zilembo zina zikusowa. Yatsani XON/XOFF mbali zonse ziwiri, thimitsani RTS/CTS, ndipo tsitsani liwiro kufika pa 1200 kapena 2400. Izi zimafunika kwambiri ngati mukutumiza mwachindunji ku port ya serial ya printa.
- Fayilo yafika koma siikuwerengeka. Mafayilo a .DO okha ndi amene ali zilembo wamba. Pulogalamu ya .BA itsegulidwe mu BASIC ndipo itumizidwe ndi SAVE "COM:88N1E".

## Nthawi yosiya ndi kuitana katswiri

Zizindikiro zotsatirazi zikaoneka, zimitsani zonse, chotsani mabatire a AA ndi adaputala, ndipo musapitirize kuyesa:

- Pakumveka fungo la kupsa, kapena pulagi, chingwe kapena adaputala yatentha.
- Pali ufa woyera kapena dzimbiri lobiriwira pa mapini kapena pamalo a mabatire. Mkati mwa Model 100 muli batire laling'ono la NiCd losunga memori, ndipo likakalamba limadontha n'kudya njira za mkuwa za pa bolodi. Ma capacitor akale amachitanso chimodzimodzi. Kusintha zimenezi kumafuna munthu wodziwa kuwotcherera pa mabolodi akale, chifukwa njira zake zimamatuka zikatenthedwa kwambiri.
- Kompyuta inazima kapena sikirini inada pamene munalowetsa chingwe, kapena chingwe cha printa chinakhala nthawi yaitali pa port ya RS-232C zonse zili zoyaka.
- Hex dump ikuonetsa cholakwika chomwecho pa zingwe ziwiri zabwino ndi maprinta awiri osiyana, zimene zikusonyeza kuti vuto lili pa bolodi ya kompyuta.
- Mukumva magetsi akukugwirani mukakhudza chitsulo cha pulagi, chimene ndi chizindikiro chakuti earth ya printa kapena ya soketi siili bwino. Apa pakufunika wodziwa za magetsi a m'nyumba.
- Printa ya laser ikuonetsa uthenga wa fuser (gawo lotenthetsa pepala) kapena wa Service. Musatsegule kupyola zitseko zochotsera pepala lokodwa, chifukwa fuser imatentha kufika pafupifupi madigiri 200 ndipo mkati muli magetsi amphamvu kwambiri.

Popita kwa katswiri tengani kompyuta, chingwe chimene mumagwiritsa ntchito, tsamba la hex dump ndi dzina lenileni la printa, ndipo mumuuze asanatsegule kuti akachotsa batire la NiCd mafayilo onse a mu RAM adzafufutika.